Za Woimba Limba Wosowa Nthawi

Pali funso limene livuta oimba limba ambiri, ndilo ili: kodi munthu wogwira nchito tsiku lonse, wosapeza nthawi yakuphunzira, ayenera kukhalabe pa limba tsiku la Sabata, kapena aleke? Wina ati, Mulungu apenya mtima, sapenya zala; ndidzaimba monga ndikhoza. Wina ati, Popeza sindingathe kupatula maora atatu, ndingoleka. Ine ndiyesa kuti onse awiri alakwa.

Woyambayo anena zoona, koma aiwala kuti mtima uoneka m'kukonzeka kwa munthu. Pamene Arauna anafuna kupatsa mfumu Davide dwale ndi ng'ombe kwaulere, Davide anakana, posafuna kupereka kwa Yehova nsembe yosamtayitsa kanthu (2 Samueli 24). Woimba wofika wosakonzeka asokeretsa khamu lonse: akuru atsogola, ana atsalira, ndipo maganizo a anthu acoka pa mau a nyimbo nakhala pa zolakwa zace. Kumeneko ndiko kulanda abale cakudya cimene anadzera.

Waciwiriyo alakwa poyesa kuti luso lifuna maora ambiri pamodzi. Tiyeni tione nchito yeniyeni ya woimba nyimbo za gospel. Kaimbidwe aka kanakulira m'mipingo ya anthu akuda a ku America, ndipo mmodzi wa makolo ace ndiye Thomas Dorsey, amene anayamba kutsogolera oimba a mpingo wa Pilgrim Baptist ku Chicago m'caka ca 1932. M'kaimbidwe kotere wapiyano satsata buku lokha ai. Atsata wotsogolera nyimbo, amene akhoza kuyamba pa kiyi iri yonse, kubwereza ndime, kapena kukweza mau pakati pa nyimbo. Makiyi alipo 12, ndipo zala ziyenera kuwazolowera onse. Tsono cizolowezi sicibadwa tsiku limodzi. Cidza ndi kubwereza kwa masiku onse.

Cifukwa cace ndipangira mbale wosowa nthawi muyeso wa mphindi 20 zokha, wogawika motere. Mphindi 5 zoyamba akwere ndi kutsika makwerero a mau, kucokera pa doh kufikira doh wapamwamba, pa kiyi imodzi. Mphindi 5 zina agwire magulu atatu a mau amene asenza nyimbo zambiri, ndiwo doh-me-soh, fah-lah-doh ndi soh-te-ray, nasinthe kucokera pa lina kunka pa linzace osapenya zala. Mphindi 7 atenge malo obvuta a nyimbo ya Sabata likudzalo, osati nyimbo yonse. Ayambe ndi dzanja lamanzere lokha, pang'onopang'ono, pambuyo pace manja onse awiri. Mphindi 3 zotsiriza aimbe nyimbo yonse ndi pakamwa pomwe, osaima ngakhale aphonye, pakuti mpingo sudzamlindira.

Tawerengani: mphindi 20 kwa masiku 6 ndizo maora awiri pa mlungu; ndipo akasintha kiyi mlungu uli wonse, adzatha makiyi onse m'milungu 12. Maora awiri omwewo akaunjikidwa usiku wa Loweruka sapindula motero, popeza tulo tikhazikitsa m'mutu zimene zala zaphunzira usana, ndipo wophunzira masiku 6 azigonera kasanu ndi kamodzi. Makolo sananame ponena kuti pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Muyeso uwu uletsanso cimo lina. Alipo oimba amene asiya banja ndi nchito namacezera pa limba, kuti anthu atame zala zao. Mphindi 20 sizilanda ana atate wao, ndiponso sizikwanira kudzikuza. Zikwanira kutumikira basi.

Potero, mbale, musaleke, ndiponso musadze wosakonzeka. Sankhani nthawi yanu lero, kaya mbanda kuca kaya mutaweruka, muisunge monga musunga copereka canu. Mpingo ukaimba ndi mtima umodzi, osakumbukira konse kuti pali munthu pa limba, pamenepo mudziwe kuti mwagwira nchito yanu bwino.