MKATE NDI MADZI KUMUTU KWA WODWALA

Tiwerenge: 1 Mafumu 19:1-8 ndi Marko 5:35-43



Eliya atathawa Yezebeli anafika m'cipululu atatheratu mphamvu. Anagona pansi pa mtengo, napempha kuti afe. Taonani cimene Mulungu anacita. Asanalankhule naye za uneneri wake, anatuma mngelo amene anamkhudza ndi kumuonetsa mkate ndi madzi kumutu kwake. Eliya anadya nagonanso, ndipo mngelo anabwera kaciwiri kuti adyenso. Ndi mphamvu ya cakudya cimeneco mneneri anayenda masiku 40 kufikira ku Horebu. Ambuye Yesu nayenso, ataukitsa mwana wamkazi wa Yairo, analamula kuti mwanayo apatsidwe cakudya. Iye amene ali ndi mphamvu pa imfa sanapeputse mbale ya cakudya.

M'mipingo yathu muli odwala amene sangadzuke okha: agogo othyoka fupa la m'ciuno, abambo ofa ziwalo ndi sitiroko, alongo athu ofooka ndi khansa kapena Edzi. Timawayendera, timaimba, timapemphera, ndipo ticita bwino. Koma kodi timafunsa kuti adyanji lero? Kodi tinaonapo kumsana kwao?

1. Cilonda cimayamba mwakacetecete

Munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, fupa limapanikiza mnofu pa mphasa kapena pa matiresi, magazi naleka kufika pamalopo. Pa maola ocepa cabe khungu limayamba kuonongeka. Malo oyamba ndi kumunsi kwa msana, m'ciuno, zidendene, zigongono ndi mapewa. Pa khungu lakuda musayembekeze kuona kufiira. Malowo amada koposa, amanyezimira, amatentha kapena kuuma mukawakhudza. Mukaona zotere musapatikite, koma cotsanipo kulemera kwa thupi. Wodwala atembenuzidwe pa maola awiri alionse, ndipo pogona pakhale pouma ndi poyera.

Munthu woonda ali pangozi yaikulu, pakuti pakati pa fupa ndi khungu palibenso mnofu wom'cinjiriza. Apa ndi pamene nkhani ya cakudya ilowera.

2. Thupi limamanga ndi zimene talipatsa

Nyumba ikagumuka khoma, mmisiri sangaikonze popanda njerwa. Njerwa za thupi ndi zakudya zomanga thupi, zimene acipatala amati mapuloteni. Wodwala amene ali ndi cilonda amafuna magalamu 1.2 kufikira 1.5 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Ndiye kuti mai wolemera makilogalamu 50 afuna magalamu 60 kufikira 75. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 cabe, kapu ya mkaka ili ndi 8. Kodi phala lamadzimadzi ndi tiyi zingakwanitse zimenezi? Iyai.

Mulungu anatipatsa njerwazi pafupi: mazira, mkaka, kapenta, nyemba, nsawa, soya, nkhuku ndi ciwindi. Sinjani kapenta wouma akhale ufa, muthire m'phala. Ikanimo nsinjiro, mkaka ndi supuni ya mafuta ophikira, pakuti thupi likasowa mphamvu limayamba kudya mnofu wake womwe. Kumene cipatala cipereka ufa wa HEPS, wa cimanga ndi soya, uphikireni wodwalayo, usathere ana onse a m'nyumba.

Kuti khungu latsopano lilukane, thupi lifuna vitamini C. Ali mu magwafa, malalanje, mapapaya, masau, malambe ndi tomato, ndiponso mu ndiwo zamasamba monga ciwawa ndi bondwe, ngati sitinaziphike mopitiriza. Lifunanso zinki, amene apezeka mu nyama, nyemba, nsawa ndi nthanga za maungu.

Musaiwale madzi a Eliya. Osamalira ena amamana wodwala madzi poopa kucapa zofunda. Koma khungu louma limang'ambika msanga, ndipo cilonda cocuca cimataya madzi ambiri. Mpatseni madzi pang'onopang'ono tsiku lonse. Amene ali ndi matenda a impso kapena a mtima, muyezo wa madzi ndi mapuloteni ucokere kwa adokotala. Wa matenda a shuga ayezetse kawirikawiri, cifukwa shuga wokwera amacedwetsa kupola.

Wodwala akakana cakudya musakwiye. Mngelo uja anabwera kawiri. Mkhazikeni tsonga kuti asatsamwe, mtsukeni m'kamwa, mpatseni pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku.

3. Nanga mabotolo a mavitamini?

Ali ndi malo ake. Mu 2015 madokotala a ku Italy anafalitsa kafukufuku wa odwala 200 operewera zakudya m'thupi amene anali ndi zilonda zotere. Onse anapatsidwa cakumwa copatsa mphamvu ndi mapuloteni, koma theka anaonjezeredwa arginine, zinki ndi mavitamini. Patapita milungu 8, zilonda za oonjezeredwawo zinacepa koposa za anzao. Onani kuti zoonjezera zinathandiza anthu amene anali kupatsidwanso cakudya. Kwa munthu amene sali woperewera kanthu, kumwa mapilisi ambiri sikufulumizitsa kupola. Zinki wocuruka amacititsa mseru, ndipo akamwedwa nthawi yaitali amacepetsa kopa m'thupi, munthu nacepa magazi.

Cenjerani ndi ogulitsa amene amalonjeza kuti botolo limodzi liciza zonse. Banja lingagulitse mbuzi kuti ligule botolo, pamene ndalama yomweyo ikanagula mazira a milungu yambiri. Funsani anamwino musanagule. Ndipo cilonda cikatuluka mafinya, cikanunkha, cikada, kapena wodwala akatentha thupi, pitani naye kucipatala tsiku lomwelo. Musathirepo phulusa, dothi kapena mapilisi osinja.

4. Ife ndife otumidwa

Amai a Cigwirizano, lero Mulungu atuma ine ndi inu ndi mkate ndi madzi. Popita kwa wodwala, m'malo mwa zakumwa zotsekemera tengani mazira awiri, mbale ya nsinjiro kapena magwafa a pakhomo. Gawanani masiku, kuti mpongozi kapena mdzukulu amene wagona pambali pa wodwala miyezi yambiri apumeko. Mukatha kupemphera, pindani manja a bulauzi, muthandize kumtembenuza. Pa Mateyu 25 Ambuye atiphunzitsa kuti zimene ticitira wanjala ndi wodwala amaziwerengera ngati tacitira Iye mwini.

Tipemphere: Atate wacifundo, munakumbukira Eliya m'cipululu. Kumbukirani odwala athu ogona pa mphasa, limbitsani owasamalira, ndipo tipatseni maso oona ndi manja osanyansidwa. M'dzina la Yesu Kristu, Amen.