Tsikani pa Dedza, muyang'ane kumwamba

Ambirife Dedza timamudziwira pawindo la basi. Basi ikaima timatulutsa dzanja, kugula mbatatesi ndi kabichi, kenaka n'kutseka windolo msangamsanga chifukwa cha kamphepo kolowa m'mafupa. Maso amakhala pa chenji. Phiri lili pomwepo kumbuyo kwa tauni, mutu wake utafunda nkhungu, ife osaliponyera diso n'komwe.

Tauni imeneyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'Malawi muno mulibe tauni ina yokhala pamwamba kuiposa. Nsonga ya phirilo imafika mamita 2,198. Wokwera m'mamawa amayamba kudutsa m'mitengo ya paini yodzala anthu, yoima m'mizere ngati asilikali pa perete. Akapitirira amakumana ndi udzu ndi miyala zomwe sanadzale munthu. Apo phuma limachepa, mawondo amayamba kudandaula, ndipo nkhani zimene munanyamuka nazo kunsi zimatha zokha. Kukacha bwino, kum'mawa kumaoneka kamzere kobiriwira motuwa, ndiyo nyanja ya Malawi. Mbali inayi ndi dziko la Angonia ku Mozambique. Malire aja timawadindira ziphaso pachipata, kuno saoneka. Namalenga anangoyala mapiri, minda ndi madambo mopitiriza, ngati mphasa imodzi.

Kuzizira kumene timakuthawa pawindo kuja ndi mphatso ya kutalika komweku. Mpweya ukamakwera phiri umazizira, chinyontho chake n'kusanduka nkhungu ndi mvula, ndipo mbatatesi ya ku Bembeke imakonda zomwezo. Koma tsikani ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kupita ku Golomoti. Musanafike kunsi mwavula juzi, thukuta lili kamukamu, ndipo m'mbali mwa msewu mwaima milambe. Boma limodzi lomweli, tsiku limodzi lomwelo, chisanu kumtunda, ng'amba kuchigwa. Ndani anapima zimenezi?

Pomwe ine pakamwa panandiuma ndi ku Chentcherere, m'nkhalango ya Chongoni, kumpoto chakumadzulo kwa tauni. Pali chimwala chopendekeka ngati khonde la nyumba, moti mvula ingagwe usiku wonse wokhala pansi pake osanyowa. Akatswiri a miyala amati mwala wa mtundu uwu unali phala lamoto pansi pa nthaka, unazizira pang'onopang'ono, ndipo dothi lomwe linaukwirira linakokoloka kwa zaka zoti munthu sangaziwerenge ndi zala. Dzuwa ndi chisanu zimausenda mpaka lero, kachigamba kamodzi pa nthawi. Mbalame imagwetsa kanjere ka kachere mumng'alu, muzu n'kulowa, n'kumakankha mwakachetechete mpaka thanthwe litang'ambika. Chofewa kugonjetsa cholimba, popanda phokoso. Mbira zimaothera dzuwa pamwamba pake, zosadabwa ndi kanthu.

Khonde limeneli analimanga kale Mwini wake munthu asanabwere, ndipo anthu atafika anazindikira kuti pano si pamalo wamba. Oyamba anali Akafula, alenje aja makolo ankawatcha Amwandionerapati, amene ankakondwa ukawayankha kuti unawaonera kutali. Iwo anasiya zojambula zofiira: timizere, madontho, zozungulira zina mkati mwa zinzake. Pambuyo pake Achewa, anthu a khasu, anajambula ndi dothi loyera, nthawi zina pamwamba penipeni pa zofiirazo. Zoyerazi zambiri zimaoneka ngati chikopa cha nyama chotambasulidwa, ndipo zinkagwirizana ndi chinamwali cha atsikana, pomwe anamkungwi ankalangira ana. Ku Namzeze kuli zilombo za Gule Wamkulu, Kasiyamaliro ali pomwepo pakhoma. Ku Mphunzi kulinso zake. Malo onse ojambulidwa m'dera la Chongoni ndi 127, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali pamndandanda wa malo omwe ndi chuma cha dziko lonse lapansi.

Chondizunguza mutu n'choti dothi wamba, lopakidwa ndi chala, lakhala pamwala mibadwo yonseyi, pomwe penti ya pasitolo imasuluka mvula ziwiri zisanathe. Nzeru inali ya ojambula, inde, koma ambulera anali mwalawo. Mmisiri wamkulu anaupendeketsa mokwanira kuti dontho lisafike pakhoma. Tanthauzo la zofiira zija linapita ndi eni ake, ndipo ine sindidandaula. Zina n'zoyenera kungoima patsogolo pake utavula chipewa.

Nkhalangoyo imasinthanso zovala. Mvula isanagwe, mitengo ya tsamba ndi mombo imaphuka masamba ofiira ngati yayaka moto, pomwe nthaka ili gwa, youma. Imadziwa bwanji kuti mvula ili m'njira? Kenaka masuku amapsa, bowa amatumphuka pansi pa mitengo yomweyo, ana n'kumabwerera kumudzi mabeseni ali tho. Palibe analimapo, palibe anathira feteleza.

Amene akufuna zambiri akhoza kupuma pa Dedza Pottery n'kuona dongo likusanduka mbale ndi makapu, kapena kutsikira ku Mua, mishoni yomwe ansembe a White Fathers anayambitsa mu 1902, komwe Bambo Claude Boucher anatsegula malo a chikhalidwe a Kungoni mu 1976. Kumeneko zigoba za gule zadzaza chipinda.

Koma chinthu chimodzi chinandiwawa ku Chentcherere. Pambali pa zojambula za makolo, wina analemba dzina lake ndi khala, zilembo zikuluzikulu, kuti dziko lidziwe kuti naye anafikako. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 okha. Pitani, mutenge ana ndi juzi, mupemphe wokutsogolerani wa m'midzi yomweyo. Makala asiyeni kunyumba, ndipo khomalo musalikhudze ndi dzanja.