Za Kusankha Anthu Osankha Anzao

Abale, ife a kuno kwa Malemia tidziwa bwino madzi a Domasi. Atsika kumapiri ali oyera, napita pakati pa midzi yathu, nathirira mpunga wa kudambo, nakatsira m'nyanja ya Chilwa. Munthu akabvundula madziwo kumunsi, asautsa mudzi umodzi wokha. Koma akaponya chakufa kugwero, tonse tidzamwa zonyansa. Fanizo ili tilikumbuke pamene tilingalira za anthu amene aikidwa kuti azilemba anzao nchito ya Boma.

M'malamulo akulu a dziko lathu, amene analembedwa m'chaka cha 1994, muli mau okhazika bungwe lochedwa Civil Service Commission. Nchito yache ndiyo kulemba anthu nchito ya Boma, kuwakhazikitsa pa mipando yao, kuwalanga akalakwa, ndi kuwachotsa pakuyenera. Anthu okhala m'bungweli awasankha ndi Mtsogoleri wa dziko, koma sangathe kutero yekha: komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za maudindo iyenera kukhutira kuti osankhidwawo akhoza nchitoyo. Aliponso mabungwe ena otere, la aphunzitsi, la apolisi, ndi la anchito a m'zipatala. Awa ndiwo gwero la mtsinje. Kalaliki wa pa boma, mlangizi wa ulimi, ndi mwana wathu amene atsiriza maphunziro a uphunzitsi pa koleji ya pano pa Domasi, onsewa apita pa khomo limene anthu otere alilonda.

Tsono funso lathu ndi ili: munthu woyenera kulonda khomolo ndani? Ambiri adzati, Wophunzira kwambiri. Nzoona, pakuti wosadziwa nchito sangayese mnzache. Koma nzeru yokha siikwanira. Yetero, polangiza Mose za kuika oweruza, anatchula mtima wa munthu pamodzi ndi mphamvu yache, nati akhale oona ndi odana nalo phindu lachinyengo. Ife tiyesa kuti mlonda wa khomo ayenera kukhoza kukana anthu atatu: wobwera ndi chiphuphu, mbale wache, ndi iye amene anampatsa mpando.

Kukana chiphuphu nkobvuta, koma tonse tibvomereza kuti nkoyenera. Kukana mbale ndipo pali nkhondo ya mumtima. Akulu anati, Chibale ndi fupa, sichiola; ndipo mau awa ngoona. Munthu amene amalume ache anagulitsa mbuzi kuti iye aphunzire, adzayang'ana bwanji nkhope yao atakana mwana wao? Sitinena kuti mtima wotere uli woipa. Koma akulu omwewo anatinso, Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa mpando umodzi pabwera ana ambiri, ndipo pakati pao pali mwana wa mkazi wamasiye, wopanda womnenera, amene anapambana mayeso. Mpandowo suli munda wa banja kuti munthu agawire adzukulu ache. Uli wa anthu onse amene apereka msonkho, a ku Karonga ndi a ku Nsanje omwe. Kupatsa mbale chinthu cha mwini si chifundo ai, ndi kuba kobvala nsaru ya chibale.

Kukana wachitatu kuposa zonse. Munthu akalandira mpando chifukwa anathandiza chipani pa chisankho, adziwa kuti ali ndi ngongole, ndipo tsiku lidzafika loti aibweze ndi mipando ya ana athu. Maiko ena anaphunzira ichi mowawa. Ku America nchito za Boma zinali mphotho ya otsata chipani chopambana, kufikira m'chaka cha 1881, pamene Charles Guiteau, amene anayesa kuti anammana udindo womuyenera, anaombera President James Garfield, namwalira iye. Pamenepo m'chaka cha 1883 anaika lamulo la kulemba anthu mwa mayeso, ndi bungwe la anthu atatu loyang'anira. Nalamula kuti a chipani chimodzi asapitirire awiri. Ku Britain bungwe lotere linayamba m'chaka cha 1855, ndipo m'chaka cha 1870 anatsegula mayeso kwa onse ofuna kupikisana. Taonani nzeru yache: wosankha alonda amanga manja ache a iye yekha, kuti tsiku lina alondawo akhoze kumkaniza.

Chifukwa chache Mtsogoleri wanzeru afunafuna munthu wosaopa kumkhumudwitsa, ndipo aphungu a komiti ija, pofunsa osankhidwa, asangowerenga mapepala a sukulu, koma afunsenso za mbiri yao: Kodi munthu uyu anakanapo mnzache chifukwa cha choonadi? Kodi kumene anagwira nchito kale anasiyako anthu a mudzi wache okha okha?

Koma tisaloze chala ku Lilongwe kokha. Ndani amene apita usiku kwa mbale wa pa mpando, atanyamula nkhuku ndi dengu la mpunga? Si ife kodi? Ndani amene anyoza mwana wa pamudzi, nati ngwouma mtima, chifukwa anakana kukondera? Masana tidandaula kuti nchito apatsana pachibale, ndipo madzulo tipempha chomwecho. Munthu wolungama saphuka pa mpando tsiku limene aikidwapo. Aleredwa pamudzi, pakati pa abale amene anaphunzira kusampempha chosayenera.

Tsono, abale, mbale wathu akaikidwa pa udindo wotere, timpeputse katundu. Tisamtumizire maina a ana athu. Tiwatume anawo kukalemba mayeso monga anzao, ndipo akalephera tiwalimbitse mtima kuti ayesenso. Tikamva kuti wakana mwana wa mlongo wache, tisamtseke pakhomo, koma timlandire ndi ulemu. Pakuti namwino amene adzasamala ife pokalamba, ndi mphunzitsi wa adzukulu athu, adzachokera ku gwero lomwelo. Ndipo madzi amene tiwabvundula lero, tidzamwa ife tomwe.