Usanadetse kagalimotoko, yamba wakaona zenizeni

Mdzukulu wanga, kagalimoto kapulasitiki walumikizaka wakagwira bwino, ndipo ndamva kuti tsopano ukufuna kukakalambitsa kuti kaoneke kodya misewu. Ndakondwa nazo. Koma dziwa kuti ntchito imeneyi ndi yovuta kuposa kupaka penti yonyezimira. Kupaka bwino kumafuna dzanja losanjenjemera basi, pomwe kukalambitsa kumafuna maso odziwa kuyang'ana. Burashiyo iike pansi kaye.

Pita kwa amakaniko, uwalonjere, uwapemphe kuti uyendere magalimoto akufa ali kuseri kwa galaja. Ugwade, usuzumire pansi. Dzimbiri limabwera chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya, choncho limayambira pamene madzi amachedwa kuuma: kunsi kwa zitseko, m'mphepete mwa madigadi momwe matope amakanirira, pansi pa labala wa galasi, pozungulira mabawuti. Likayamba limatsika ndi madzi a mvula, n'kusiya mzere wofiirira woonda kunsi. Pamwamba pa denga ndi pa boneti zochita ndi za dzuwa, lomwe limasuwitsa penti mpaka kutuwa, ndipo yofiira ndiyo imasuwa msanga. Uyang'anenso chitseko cha dalaivala. Chimatsegulidwa kuposa zinzake zonse, n'chifukwa chake chogwirira chake chimaperepeseka, ndipo mpando wa mbali imeneyo ndi umene umayamba kung'ambika.

Ufunsenso kuti galimoto ukutsanzirayo inapangidwa ndi chiyani. Apa ndi pamene achinyamata ambiri amagwa. Land Rover zakale zija, zoyambira mu 1948, thupi lake lambiri ndi la aluminiyamu. Zimabonyoka, penti imasupuka n'kuonetsa chitsulo chotuwa, koma dzimbiri lofiira uzilifuna pa chasisi, pa mahinjesi ndi pa chitsulo chimene chili pakati pa injini ndi dalaivala. Chevrolet Corvette ya ku America, kuyambira 1953, thupi lake ndi la fiberglass, ndipo fiberglass imang'aluka koma sichita dzimbiri. Ukadzaza dzimbiri pa chitseko cha Corvette, munthu wodziwa magalimoto adzaona bodza limenelo asanaone luso lako.

Tenga chitsanzo cha Datsun 240Z imene inapambana mpikisano wa East African Safari Rally mu 1971, woyendetsa ali Edgar Herrmann, mnzake womuuza njira ali Hans Schuller. Kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka, ku Japan, inatulutsa kagalimoto kake kolumikiza pa muyeso wa 1/12. Mpikisanowu unkachitika nthawi ya Isitala, mvula ikugwa ku Kenya, m'misewu ya dothi lofiira. Galimoto imeneyo inali yatsopano, ndipo inazunzika masiku owerengeka okha. Choncho zoyenera kuikapo ndi matope othovoka kuchokera ku matayala kupita chakumbuyo, fumbi la katondo lokanirira m'ming'alu, timabala ta miyala kutsogolo, ndi pobonyoka apa ndi apo. Dzimbiri la zaka khumi silikhalapo. Galimoto yonyamula makala imene yagona panja nyengo zambiri ili ndi mbiri ina, nayonso imafuna zizindikiro zake. Sankha mbiri imodzi, uitsate mpaka pamapeto.

Muyeso usauiwale. Timagalimoto tambiri ndi ta 1/24 kapena 1/25, kutanthauza kuti kadontho ka milimita imodzi pa kagalimoto ka 1/24 ndi bala la mamilimita 24 pa galimoto yeniyeni. Kadontho ukuti n'kakang'onoko n'kokula kale. Mchenga wa pabwalo ukaumata ngati matope, pa muyeso umenewo ndi miyala. Sefa dothi pa kansalu kopyapyala, kapena pala choko cha ojambula zithunzi ndi mpeni mpaka chikhale ufa.

Ndikuuze tsono ndondomeko imene ndimaikhulupirira. Yamba ndi penti ya mtundu wa dzimbiri, yoderako, malo ena yofiirira, osati mtundu umodzi ponseponse, ndipo uitchinge ndi vanishi. Ikauma, faira mankhwala oumitsa tsitsi aja a hairspray mopyapyala. Pamwamba pake upake penti yeniyeni ya galimotoyo, ya acrylic, nayonso mopyapyala. Ikangouma, viika burashi yolimba m'madzi, unyowetse pamene ukufuna kuti pasupuke, udikire pang'ono, kenako uzikanda mofatsa. Madzi amalowa n'kusungunula hairspray uja, penti ya pamwamba n'kumachoka tizidutswa tosafanana, dzimbiri n'kumasuzumira pansi. Ubwino wake ndi woti pentiyo yasupukadi, sunachite kujambula kusupukako. Ena amanyowetsa kagalimoto n'kuwazapo mchere, n'kufaira penti pamwamba pake, ikauma n'kuukolopa mcherewo ndi mswachi. Njirayi imagwira, koma utsuke mchere wonse, apo ayi udzatuwa pambuyo pake.

Zomata za manambala ndi zilembo zikhalepo usanayambe kudetsa, ndipo uzimate pa vanishi wonyezimira kuti pansi pake pasatsekeredwe mpweya. N'zomvetsa chisoni kuona kagalimoto kathithithi ndi matope koma nambala ya pachitseko ili mbee. Kenako sungunula penti yamafuta yoderako ndi thina mpaka ikhale ngati tiyi wopanda mkaka, ukhudze ndi nsonga ya burashi pa mzere wa chitseko. Idzayenda yokha m'mzeremo. Yosefukira uipukute ndi kathonje konyowa pang'ono ndi thina, kuyambira pamwamba kutsikira pansi, momwe mvula imayendera. Thina ameneyu sadya penti ya acrylic youma bwino, koma ya enamel amaisungunula, choncho dziwa chimene chili pansipo. Utsegulenso mawindo, fungo lake si labwino m'chifuwa.

Pali kanthu kamene ndimakakonda kwambiri. Dula tepi yofanana ndi njira imene waipa imasesa pagalasi lakutsogolo, uimate, ufaire fumbi pang'ono, n'kuichotsa. Pamatsala malo oyera awiri okhota, m'mbali muli mbuu. Munthu akangoona zimenezo amadziwa kuti mkatimu munali dalaivala amene amalimbana ndi msewu. Matayala nawo uwakhule ndi sandipepa pamene amaponda pansi, kuti mzere wa pakati wochokera ku fakitale uchoke, fumbi litsalire m'mipata.

Chimene chidzakuvute koposa ndi kuleka. Ukaona kuti mbali imodzi yakoma, dzanja limayabwa kufuna kuwonjezera paliponse, mapeto ake kagalimoto konse kamasanduka kabulauni, mtundu wake osaonekanso. Siya malo ena ali bwinobwino, pakuti penti yamoyo ndi imene imachititsa kuti yakufa ioneke. Kuona maso a nkhono n'kudekha: paka pang'ono, ukasiye kagone, mawa ukaone pa kuwala kwa dzuwa, uli chapatali pang'ono. Penti yamafuta imatenga masiku kuti iume, choncho usathamangire vanishi womaliza. Ameneyo akhale wosanyezimira, ndipo magalasi ndi nyali uzitchinge ndi tepi usanafaire. Njira iliyonse imene sunaichitepo uyambe waiyesera pa supuni yapulasitiki, kapena kunsi kwa kagalimotoko kumene anthu saonako.