Mphunzitsi wa mawa ndi funso la mwana wa Fomu 3

Mukafunsa wophunzira zauphunzitsi wa sayansi ngati angathe kuphunzitsa za asidi ndi besi, savuta kuvomera. Mutuwu umaoneka wofewa: asidi amafiiritsa litimasi wabuluu, besi amabwezera wofiira kukhala wabuluu, pH 7 ndiye pakatikati. Zonsezi analoweza kalekale ali ku sekondale. Ine kulimba mtima kotereku ndimakukayikira, chifukwa kumatha tsiku limene mwana wa Fomu 3 wakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pH 3 ndi pH 4 si zofanana ndithu? Zangosiyana ndi wani." Apa pakufunika munthu wodziwa kuti muyeso umenewu, umene Søren Sørensen anayambitsa ku Copenhagen mu 1909, suyenda ngati rula: kutsika ndi nambala imodzi ndiye kuti ma ion a hydrogen achuluka kakhumi. Wina afunsa chifukwa chake ammonia ali besi pomwe mu NH3 mulibe OH. Amene anangoima pa tanthauzo la Arrhenius ayamba kutuluka thukuta, pakuti yankho lomveka lili m'ganizo la Brønsted ndi Lowry la mu 1923, loti besi ndi cholandira proton. Ndiye pali msampha waukulu, wosokoneza asidi wamphamvu ndi asidi wosasungunula. Hydrochloric, ngakhale mumuthire madzi ochuluka bwanji, amakhalabe m'gulu la amphamvu popeza amagawika yense m'madzimo. Wa mu viniga ndi wofooka ngakhale atakhala wosathira madzi, chifukwa wogawika ndi wochepa kwambiri.

Mphunzitsi akagwidwa ndi mafunso otere amathawira ku bolodi. Amalemba notsi mpaka belu, ana n'kumakopera ali chete. Mwa anawo mudzatuluka mphunzitsi wina, naye wodziwa mawu koma osadziwa chochitika m'botolo.

Ambiri amati vuto ndi kusowa kwa labotale, ndipo m'ma CDSS ambiri n'zoonadi. Koma mutu uwu ndi umodzi mwa ochepa amene zipangizo zake zili pakhomo. Chidulo chimene amayi amacheza paphulusa pophika therere ndi besi weniweni. Madzi ofiira a chidede amasintha mtundu: donthezani mandimu, afiira kwambiri, thirani chidulo kapena soda, achita mdima n'kupita kobiriwira. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake samvanso ngati nthano akauzidwa chifukwa chothirira laimu m'munda wa nthaka ya asidi. Komatu wophunzitsa sangayerekeze kuchita izi pamaso pa kalasi yodzaza ngati sanaziyesepo yekha, kulephera, n'kuyesanso.

Sindikunena kuti chidede chilowe m'malo mwa burette. Titration imafuna dzanja lozolowera kutseka kampopi pa dontho lomaliza, ndipo munthu amene sanasungunulepo sulphuric, kuthira asidi pang'onopang'ono m'madzi osati madzi mu asidi, adzaopa kutsegula kabati ya mankhwala ngakhale atatumizidwa kusukulu yokhala ndi zonse.

Inu amene mumasula aphunzitsi m'makoleji ndi m'mayunivesite athu, musakhutire ndi mayeso olemba. Wophunzira aliyense agwire burette ndi manja ake, osati kuonerera mnzake m'gulu la anthu khumi, ndipo aime kutsogolo anzake amupanikize ndi mafunso a ana asanapite kukayeserera kuphunzitsa.