Kodi ndi Mwano Kumfunsa Dotolo za Kalata Yace?

Ndafuna kuika funso ili pamaso panu pa ciyambi ca caka, tikali ndi mphamvu m'thupi, pakuti munthu akagona pamphasa alibenso nthawi ya kulisinkha.

Ambiri a ife tiri nao ana kapena abale mu Lusaka. Nthenda ikakanika kumudzi, wodwala akwera basi ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, natsikira pa Intercity, pafupi ndi Kamwala. Pomwepo maso ace akomana ndi mapepala omatidwa pa makoma ndi pa mitengo ya magetsi, a anthu odzicha madotolo, olonjeza kuciritsa nthenda iri yonse, ngakhale kubweza mkazi amene anathawa. Kodi mlendo adzadziwa bwanji woona ndi wonyenga?

Mai wina wamasiye wa mumpingo wathu anatupa miyendo. Mwana wace, wogulitsa salaula ku Kamwala, anapita naye kwa munthu wobvala malaya oyera m'kacipinda ka kuseri kwa sitolo. Munthuyo anawalasa jakisoni katatu, osawapima, nalandira ndalama zonse za nshawa za caka cimeneco. Pamene anafika ku kiliniki ya boma, anapezeka kuti magazi ao athamanga kwambiri, ndi mtima walema kale. Maiyo ali ndi moyo kufikira lero, koma khasu sagwiranso. Ndinamfunsa mnyamatayo ngati anaona kalata ya munthu uja. Anati, "Abusa, ndinacita manyazi. Munthu wophunzira sindingamfunse ine." Makolo athu ananena zoona kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tiyeni tione cifukwa cace manyazi amenewa atigwira. Kumudzi sitinafunse kalata kwa mzamba kapena kwa sing'anga, popeza tinamdziwa. Tinadziwa amace, ndi amene anamphunzitsa, ndi anthu amene anacira m'manja mwace, ndi iwonso amene anafa. Mudzi wonse unali mboni yace. Koma mumzinda mboni yotere palibe. Munthu afika dzulo, napacika cikwangwani lero, mawa wasamuka. Cifukwa cace boma linaika mboni yina m'malo mwa mudzi. Lamulo la caka ca 2009 linakhazikitsa bungwe lochedwa Health Professions Council of Zambia, m'malo mwa Medical Council yakale. Bungweli lilemba m'buku maina a madotolo, ndi a othandiza madotolo monga iwo amene anaphunzira ku Chainama, ndi a madotolo a mano. Lipatsa yense kalata yomlola kugwira nchito, imene ayenera kuikonzanso caka ndi caka. Lipatsanso cilolezo nyumba imene aciritsiramo anthu. Anamwino ndi azamba ali nalo bungwe lao, ndipo masitolo a mankhwala ayang'aniridwa ndi bungwe la ZAMRA. Tsono kalata ija ndiyo mau a akulu akuti, Uyu timdziwa.

Wina adzati, Koma kufunsa kotere kunyoza munthu. Iai, mbale wanga. Pogulitsa cimanga cako uyang'anitsitsa sikelo, ndipo wogula woongoka mtima sakwiya. Mnyamata akafunsira mwana wako, utuma ankhoswe kukafufuza kwao, ndipo palibe ayesa cimeneci cipongwe. Nanga thupi la mai wako liri locepa kuposa thumba la cimanga kodi? Sukulu ya madotolo ya University of Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966, ndipo kuyambira pamenepo ana a dziko lino acezera usiku zaka zambiri kuti alandire dzina limene wonyenga alitola cabe. Pofunsa kalata ulemekeza thukuta lao. Dotolo woona aipacika poonekera, nakondwera kukuonetsa. Wopsa mtima pofunsidwa wakuyankha kale.

Winanso adzati, Ine ndikhulupirira Mulungu, iye adzanditsogolera. Nzoona kuti Malembo adzudzula mfumu Asa, amene podwala mapazi anafuna asing'anga osafuna Mulungu. Koma Malembo omwewo atiuza kuti Luka, mnzace wa Paulo, anali sing'anga, ndipo anakondedwa. Cikhulupiriro cosafunsa ciyenera Mulungu yekha; ukacipereka kwa munthu cifukwa ca malaya oyera, wamuika pa mpando wosakhala wace. Mlengi anakupatsa maso ndi pakamwa. Kusazigwiritsa nchito pamene moyo wa mwana uli m'manja mwako ndi ulesi, ngakhale uuche dzina lokoma.

Komatu ndisakunyengeni kuti pepala likwanira. Kalata icitira umboni kuti munthu anaphunzira, koma sinena za mtima wace. Mtimawo udzauona m'macitidwe. Dotolo wabwino ayamba wafunsa ndi kupima asanalembe mankhwala. Akuuza dzina la nthenda ndi dzina la mankhwala, m'cinenero cimene ucimva. Salonjeza kuciritsa zonse. Nthenda ikamkulira abvomera, nakulembera kalata ya ku cipatala cacikuru monga UTH. Ndipo akakucitira zosayenera, bungwe lomwe lija limva madandaulo.

Osauka asade nkhawa kuti mau awa ali a eni ndalama a ku Kabulonga ndi ku Woodlands okha. Kwa ambiri a ife dotolo wa banja ndiye kiliniki ya boma yapafupi, monga ya ku Kamwala, kapena cipatala ca misyoni monga St Francis ku Katete. Cofunika ndi kusankha malo amodzi oyesedwa ndi kukhalapo. Pamenepa ifenso tiri ndi mangawa. Tisamayendayenda, lero kuno mawa uko, kubisira uyu zimene anatipatsa uja. Tisunge khadi la cipatala monga tisunga citupa. Tiulule zitsamba zimene tamwa, pakuti mankhwala ena sagwirizana m'thupi. Dotolo amene akudziwa zaka zisanu aona msanga cimene casintha, cimene mlendo sangacione.

Mu January 2024 kolera inakula mu Lusaka, kotero kuti bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Nthenda imeneyi itha kupha munthu tsiku lomwelo. Usiku wotere si nthawi ya kuyamba kufunsa kuti cipatala ciri kuti, kapena kuti uyu ndani.

Cotero ndikupemphani, akulu a mpingo ndi amai a cigwirizano, citani cinthu cimodzi mwezi uno usanathe. Uzani mwana wanu wa ku Lusaka apite iye mwini ku kiliniki yapafupi, adziwe nthawi imene itsegulidwa ndi kumene apita odwala usiku. Ngati afuna dotolo wolipira, awerenge dzina ndi caka pa kalata ya pakhoma. Akakayika, akafunse ku ofesi ya bungwe lija. Ndipo alembe zonsezi pa cikuto ca buku lino, pamene dzanja lace silinayambe kunjenjemera. Safunsa anadya phula. Mulungu akusungeni inu ndi a m'nyumba zanu caka cino conse.