Mchaili ndi mkokeli si munthu mmodzi

Pa maliro a malume anga ku Shamva, mnyamata wowerenga mbiri ya malemu adati, "Pa unyamata wawo anali mchaili wa ngolo pa pulazi." Mkulu wina wa ku Dedza, yemwe adakulira nawo limodzi pa komboni, adakweza ndodo. "Bodza limenelo! Anali mkokeli. Chikwapu sadachigwirepo." Anthu adang'ung'udza kuti akudula mwambo ndi nkhani yopanda pake. Ine ndikuti mkuluyo ankanena zoona, ndipo nkhaniyo ndi yaikulu.

Mawu awiriwa makolo athu adawatola kuno. Ashona amati mutyairi ndi mukokeri, ndipo muzu wake ndi Chindebele: ukutshaya ndiko kumenya, ukukhokhela ndiko kutsogolera. Akavalo ankatha ndi matenda m'dziko lino, choncho katundu ankakokedwa ndi ng'ombe, nthawi zina 16 pa ngolo imodzi. Njanji itafika ku Shamva mu 1913, ngolo zomwezo ndizo zinkatuta chimanga cha m'mapulazi a m'mbali mwa Mazowe kupita nacho ku siteshoni.

Mchaili anali bambo. Ankayenda pambali ndi chikwapu chake chachitali, kuitana ng'ombe iliyonse ndi dzina. Mkokeli anali mwana. Ankagwira chingwe chachikopa chomangidwa ku nyanga za ng'ombe ziwiri zakutsogolo, kumayenda chosavala nsapato, woyamba kuponda minga, woyamba kulowa mumtsinje. Ngolo ikatitimira, wokalipiridwa ndi iye. Malume anali ndi chala chakuphazi chophwatalala, chopanda chikhadabo. Ndili mwana ndinkachikhudza iwo ali gone pa mphasa, iwo n'kumati, "Mphwanga, ndi ng'ombe yakumanzere imeneyo."

Msuweni wanga, mphunzitsi ku Bindura, adanditsutsa usiku womwewo pa siwa. Adati mawu a ntchito yakalavulagaga n'kuwasungiranji? Izo sizinandivute. Koma adaonjezera kuti kwathu womwalira sitimuchepetsa, ndipo mnyamata uja pomutcha mchaili ankamuveka ulemu. Apa ndidasowa chonena, ndipo mpaka lero zimandilasa. Ndani angafune kuti ana ake amve pamanda kuti bambo wawo ankangokoka chingwe?

Poyamba ndinkaganiza kuti mkulu uja ankalondera mawu. Tsopano ndikuona kuti ankalondera ubwana wa mnzake. Mutyairi adatsika pa ngolo n'kukwera thirakitala, lole ndi basi, ndipo akadali moyo pakamwa pa aliyense. Mkokeli adatsalira m'munda, pamodzi ndi ana onse a matchona omwe anzawo akupita ku sukulu iwo ankalawirira kumagoli. Sitiraka ya pa mgodi wa Shamva ya 1927, yomwe anthu a ku Nyasaland anali patsogolo, idalembedwa m'mabuku. Za anyamata a chingwe zidatsala m'mawu amodzi okhawa. Kuwakweza kukhala achaili atamwalira ndiko kufafaniza zomwe zidawachitikira ali moyo.

Ku Bulawayo, umkhokheli ndi mtsogoleri wa mumpingo, munthu womuimirira akamalowa. Malume adakoka ng'ombe kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo pa mapepala awo onse omwe tidapeza m'sutikesi, pamalo posaina padali chidindo cha chala.